Mipukutu 31 ya ku Likoma: momwe tasamutsira mafilimu akale a pachilumba

Zolemba izi ndi za ntchito yosamutsa mafilimu akale a ku Likoma kuchoka pa mipukutu ya 8 mm kupita pa kompyuta. Tazilemba kuti amene ali ndi tizitini ta mafilimu totere m'sutikesi ya agogo asabwereze zolakwa zathu. Ntchito yambiri yachitikira ku Lilongwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala 2024.

4 Meyi: kuwerenga katundu

Mipukutu yachokera mbali ziwiri. Yokwana 16 yachokera ku England, ku banja la mphunzitsi amene anagwirapo ntchito pa mishoni ya Anglican, ndipo inkasungidwa m'kabati m'nyumba yozizira. Ina 15 ndi ya mwana wa pachilumba pomwepo amene anali kalaliki ku migodi ya ku Kitwe ku Zambia ndipo ankabwera ndi kamera pa tchuthi. Iyi yakhala zaka zambiri m'bokosi lamalata, m'nyumba yoyang'anizana ndi nyanja, pamodzi ndi matepi 4 a VHS. Ya ku England taipatsa manambala E1 mpaka E16, ya ku Kitwe K1 mpaka K15. Nambala ilembedwe pa chitini ndi pa kagudumu komwe, chifukwa zivindikiro zimasinthana mosavuta, ndipo zina tinazipeza zitasinthana kale.

Filimu ya 8 mm ilipo mitundu iwiri, ndipo kuisokoneza kumang'ambitsa. Regular 8, imene Kodak inatulutsa mu 1932, ili ndi timabowo tokulirapo tokhala pa mzere wolekanitsa tizithunzi. Super 8 inabwera mu 1965. Timabowo take ndi tating'ono, tili moyang'anizana ndi pakati pa kachithunzi, ndipo bowo lapakati pa kagudumu kake ndi lalikulu. Tili ndi timipukutu 19 ta Regular 8 ta mafiti 50, itatu yaikulu ya mafiti 200, ndi 9 ta Super 8. Ka Regular 8 ka mafiti 50 kali ndi tizithunzi 4,000 ndipo kamatha mphindi 4 ndi masekondi 10. Ka Super 8 kali ndi 3,600, mphindi 3 ndi masekondi 20. Zonse pamodzi ndi mphindi 159. Ndi zokhazo zimene anthu awiri anajambula pa zaka zoposa khumi.

Wina anatiopseza kuti filimu yakale imayaka yokha. Imeneyo ndi ya nitrate, ya 35 mm ya m'nyumba za kanema. Ya 8 mm sinapangidwepo ndi nitrate. Mdani wake ndi wina.

11 Meyi: fungo la viniga

Titatsegula bokosi lamalata, fungo linatimenya m'mphuno ngati la achari. Filimu imeneyi ndi ya acetate, ndipo ikakhala potentha ndi pachinyezi imayamba kutulutsa asidi yemweyo wa mu viniga. Asidiyo akatsekeredwa m'chitini amafulumizitsa kuwola, filimu nkumakwinyika, kufupika, kenako kuuma gwa. Palibe mankhwala obwezeretsa. Chimene mungathe ndi kuchedwetsa basi.

Mphuno imanyenga ngati zonse zakhala m'bokosi limodzi, choncho tinagwiritsa ntchito timapepala ta A-D Strips, topangidwa ndi Image Permanence Institute ku Rochester. Mpukutu uliwonse ulowe m'jumbo yakeyake pamodzi ndi kapepala kamodzi, mutseke, mudikire tsiku lathunthu. Kakakhalabe kabuluu ndiye kuti zili bwino; kobiriwira, matenda ayamba; kachikasu, afika posauzana. Ya ku England yonse inakhala yabuluu. Ya ku Kitwe isanu ndi iwiri inabiriwira, ndipo itatu, K2, K3 ndi waukulu uja K6, inachita chikasu. K6 tinalephera ngakhale kuutambasula: unamatana ngati chikumba, ndipo m'mbali munali ufa woyera. Itatuyi taichotsa m'chipinda chogwirira ntchito, chifukwa nthunzi yake imadwalitsa inzake. Zatsala mphindi 134.

Tinayezanso kufupika ndi lula yachitsulo. Tizithunzi 100 ta Regular 8 tiyenera kutalika 381 mm, ta Super 8 423 mm. K1 inapereka 376 mm, kutanthauza kuti yafupika ndi 1.3 peresenti. Ikapitirira 1 peresenti, mano a pulojekita sagwirizananso ndi timabowo.

25 Meyi: pulojekita yobwereka

Tinkadziwa zimenezi, komabe mtima unathamanga. Tinabwereka pulojekita yakale kuti tingoonako pang'ono, tinaika K4 osaiyeza nkomwe. Pasanathe masekondi 20 mano anadya timabowo pa utali wa masentimita 40, filimu inaima pa nyali, kachithunzi kamodzi nkusungunuka tikuona pakhoma. Anali amayi atatu akusenda chinangwa pansi pa mtengo wa mango. Mbali yong'ambikayo taisunga mu envelopu, tinaijambula pambuyo pake ndi kamera kachithunzi kamodzikamodzi, koma kopsako kanapita.

Pulojekita tinaibweza tsiku lomwelo. Poyang'ana filimu tsopano tikugwiritsa ntchito tizigudumu tiwiri topukusa ndi dzanja tokhomera pa thabwa, galasi lokulitsa zinthu, ndi sikirini ya foni yoyera ngati nyali yapansi.

8 Juni: chuku ndi molumikiza

Chuku chimadya gelatin, mbali yosanyezimira ya filimu imene ili ndi chithunzicho. Chimaoneka ngati timizu toyera kapena ukonde wa kangaude. Cha pamwamba chimachoka. Pamene chadya kale pamatsala chipsera mpaka kalekale.

Totsukira ndi isopropyl alcohol wa 99 peresenti, amene tinagula lita imodzi pa K30,000. Wa 70 peresenti wosamba m'manja ali ndi madzi ambiri, ndipo madzi amafufumitsa gelatin, makamaka imene chuku chafewetsa kale. Sipiliti wamtundu uja wogula m'golosale musayerekeze, amasiya utoto. Donthezani pang'ono pa kansalu kosathothoka ulusi, pindani, gwirani filimu pakati mopepuka, wina azipukusa pang'onopang'ono kuti iume isanafike pa kagudumu kolandira. Sinthani malo a kansalu pa mamita awiri alionse, apo ayi fumbi limene mwatola lidzakhala likukanda filimu yonse yotsatira. Tinataya nthawi ndi magolovesi a thonje, amakola m'timabowo tong'ambika. A nitrile ndiwo agwira ntchito. Mawindo akhale otsegula, ndipo pa mipukutu yachuku valani masiki.

Molumikiza ndimo munatipweteka mutu. Filimu ya Regular 8 inkagulidwa ili 16 mm m'lifupi ndi mafiti 25 m'litali. Wojambula ankaiyendetsa mbali imodzi, kuitembenuza, nkuiyendetsanso, ndipo kotsukira ankaing'amba pakati nkulumikiza zidutswa ziwirizo. Ndiye kampukutu kalikonse kali ndi polumikiza pakati penipeni, ndipo pafupi napo pamakhala kuwala kofiira kumene kunalowa potembenuza. Mipukutu yaikulu ya mphunzitsi uja ili ndi molumikiza moposa 30 uliwonse, guluu wake atauma. Tinakonza malo 58 ndi tepi yake ya filimu yokhala ndi timabowo. Malo 6 tinapeza selotepi wamba amene anasanduka phula lachikasu nkumata mizere yoyandikana. Ameneyu amachoka ndi isopropyl yemweyo ndi kuleza mtima, mphindi 15 malo amodzi. Mpukutu uliwonse tauikira filimu yoyera yotsogolera, mita imodzi kumutu ndi kumchira.

22 Juni: makina afika

Tagula makina ang'ono osikana filimu, ogwiritsidwapo kale, $260, a mtundu umene umajambula kachithunzi kamodzikamodzi, tiwiri pa sekondi, nkusunga MP4 pa kakhadi ka SD. Alibe nyali yotentha. Kampukutu ka mafiti 50 ka Regular 8 kamatenga mphindi 33, ndipo munthu sangachokepo. Kuwerengera kwake, mipukutu 28 ndi maola 18 ndi theka; ife tatha pafupifupi 40 chifukwa chobwereza.

Vuto loyamba linali kunjenjemera kwa chithunzi. Kagudumu kolandira kamakoka filimu mwamphamvu pamene kadzino kolowa m'timabowo kakufuna kuiimika. Tinasiya kukagwiritsa ntchito: filimu izigwera yokha m'katoni yaikulu yoyalamo nsalu yoyera, kenako nkuipukusa ndi dzanja. Kunjenjemera kunachepa kwambiri. Katoniyo isasunthidwe filimu ili momo, imapotana.

Lachiwiri ndi madzi. Pafupifupi kanema aliyense wa ku Likoma ali ndi nyanja kumbuyo, ndipo makina otere amafinya fayilo kwambiri, moti mafunde onyezimira amasanduka timabokosi. Kutsitsa sharpness (kuthwa kwa chithunzi) mpaka pansi kunathandiza, ndipo exposure (kuwala kwa chithunzi) tinaitsitsa ndi theka pa mchenga ndi pa mikanjo yoyera ya ansembe kuti isangoyera mbee. Sizinathe zonse. Mipukutu isanu yabwino kwambiri tikufuna idzapite kwa akatswiri okhala ndi makina aakulu ndalama zikapezeka, nchifukwa chake filimu yeniyeniyo simaitaya mukaisamutsa.

Lachitatu, magetsi. Akathima makina ali pakati, fayilo yonse sitseguka chifukwa MP4 imamalizidwa kulembedwa kumapeto. E15 wa mafiti 200 tinautaya chonchi patadutsa maola awiri. Tagula UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) yaing'ono, K120,000, ndipo mipukutu yaikulu tikuiimitsa dala pa mphindi 30 zilizonse kuti fayilo itsekedwe. Pakabowo kodutsa kuwala pazipukutidwa ndi kaburashi musanaike mpukutu wina. Tsitsi limodzi linakhala pa ngodya ya E7 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, tinabwereza.

13 Julayi: malipenga othamanga

Tinatumiza kachidutswa ka K9 kwa abambo ena achikulire amene anavinapo malipenga ali mnyamata. Yankho linabwera msanga: "Anyamatawa akuthamangira kuti? Malipenga savina chonchi." Ankanena zoona. Makina amalemba fayilo pa tizithunzi 20 pa sekondi, pomwe Regular 8 inkajambulidwa kawirikawiri pa 16, Super 8 pa 18. Ife m'maso mwathu kuthamangako kunkaoneka ngati mmene makanema akale amakhalira. Wovina anaona kuti gule wamuchotsera ulemu wake. Malipenga ndi gule wonyadira: mzere wowongoka, zovala zochapa ndi kusita, phazi lotera mosapupuluma, wotsogolera boma (gulu la ovinalo) akuyenda ngati mkulu wa asilikali. Mukamufulumizitsa amasanduka nthabwala.

Kukonza kwake sikufuna kusikananso. Ndi pulogalamu yaulere ya ffmpeg, lembani

ffmpeg -itsscale 1.25 -i K1.mp4 -c copy K1_16.mp4

pa Regular 8, ndipo pa Super 8 ikani 1.111 m'malo mwa 1.25. Chithunzi sichifinyidwanso, nthawi yokha ndiyo itambasuka. Tinayesa njira ina imene kompyuta imapeka tizithunzi tapakati kuti kanema aziyenda mosalala; miyendo ya ovina inasungunuka, ndodo nkupindika ngati mphira. Taisiya.

Pali china chotsala. Makamera a Regular 8 ambiri anali a sipuling'i yopukusa ndi dzanja, yoyenda pafupifupi theka la mphindi. Ikamatha mphamvu kamera imachedwa, ndiye poonetsa anthu amafulumira ndipo chithunzi chimawala kumapeto kwa gawo. Mu E9 mdipiti wotuluka m'tchalitchi umayamba mwaulemu nkuthera ngati akuthawa mvula. Izi tazisiya momwemo, tangolemba m'kaundula.

27 Julayi: utsi pa nyanja, ndi mitundu

Mu E11 muli banga lakuda lotalika ngati mzati pamwamba pa madzi, kumbali ya mapiri a ku Mozambique. Tinalilemba kuti ndi chipsera cha chuku ndipo tinatsala pang'ono kulifufuta. Koma chipsera chimadumphadumpha, kachithunzi aka chili apa, kotsatira chili pena. Banga ili linali pamalo amodzi, likusuntha limodzi ndi phiri kamera ikatembenuka. Ndi nkhungu, tizilombo tija touluka timene timatuluka m'nyanja ngati utsi. Aliyense wokulira kunyanja akanazindikira pa sekondi imodzi. Kuyambira apo sitikufufuta kanthu popanda munthu wa kumeneko kuona kaye.

Pa mitundu, mipukutu ya Kodachrome, filimu yamitundu ya Kodak, yatidabwitsa. Patha zaka pafupifupi 60 koma nyanja idakali yabuluu, miyala ya tchalitchi cha St Peter's idakali ndi maonekedwe ake, nsalu zofiira zikuwala. Filimuyi inasiya kupangidwa mu 2009 ndipo malo omaliza oitsuka, ku Parsons m'dera la Kansas, anasiya kumapeto kwa 2010. Mipukutu inayi ya Super 8 ya mtundu wina yafiira yonse ngati yaviikidwa mu sobo, chifukwa utoto wabuluu ndi wachikasu unazilala nkutsala wofiirawo. Tinaiwongola mu pulogalamu ya DaVinci Resolve potenga chinthu chimene tikudziwa kuti chinali choyera, monga shati ya wovina, nkuyambira pamenepo. Imabwerako ndithu, koma khungu la anthu limakhala lotuwa.

Apa panabuka mkangano. Ena ankafuna tiwonjezere mtundu kuti nyanja ioneke yobiriwira bwino monga aikumbukira. Tinakana. Fayilo yochokera m'makina ikhale yosakhudza, yokonzedwa ikhale ina, dzina lake lisonyeze. Kupukwa kwathu kumakometsa zinthu pakokha, sikufuna thandizo la kompyuta.

Mkati mwa tchalitchi mulibe chooneka. Mphunzitsi uja anayesa kawiri, ndipo zatuluka ndi mdima wokhala ndi timawindo towala. Kodachrome II ya masana inali ASA 25, kutanthauza yosamva kuwala kochepa, yofuna dzuwa lenileni. Nchifukwa chakenso m'mipukutu yonseyi mulibe usiku, mulibe asodzi a usipa ndi nyali zawo, mulibe mkati mwa nyumba ya munthu.

10 Ogasiti: matepi a VHS

Matepi atatu ndi a ukwati ndi chinkhoswe cha ku Blantyre, sitinachedwe nawo. Yachinayi ndi tepi ya maola atatu yolembedwa "za kumudzi". Inali ndi chuku m'mbali. Tinamasula tizisikuluu tisanu, kupukuta m'mbalimo ndi kansalu kouma, nkuipukusa kupita ndi kubwerera kawiri mu deki (makina oonetsera matepi) yakale ya K60,000. Mitu ya deki inatsekeka kawiri. Pukutani ndi kapepala koyera konyowetsa ndi isopropyl, mukutembenuza ng'oma yake ndi chala; thonje limakola nkuthyola mutu. Tinajambula ndi kachipangizo ka USB ka K35,000 pa 720 x 576, tizithunzi 25 pa sekondi monga mwa PAL.

M'tepimo muli K6. Nthawi ina m'zaka za m'ma 1990 wina anaonetsa mpukutuwo pakhoma nkuujambula ndi kamera ya vidiyo. Chithunzi nchopendekeka, pakati powala kwambiri, ndipo chikuphethira kawiri pa sekondi: pulojekita ya tizithunzi 16 yokhala ndi chotchinga cha masamba atatu imawala ka 48, pomwe vidiyo imatola ka 50. Sefa yochepetsa kuphethira (deflicker) mu ffmpeg inachepetsako. Nchonyansa poyerekeza ndi zina zonse, komabe tsopano ndi K6 yekhayo amene alipo. Ndipo muli chinthu chimene mipukutu ilibe, mawu. Anthu amene ankaonera m'chipindamo akumveka akuseka, akutchula mayina, akutsutsana kuti nyumba iyo inali ya yani. Tinalemba mayina 23 kuchokera m'phokoso limenelo.

31 Ogasiti: kupeza zaka

Tizitini 9 tokha ndito tili ndi chaka. Zina tazipeza ndi zizindikiro. M'mphepete mwa filimu ya Kodak muli tizizindikiro tozungulira, tamakona atatu ndi tamakona anayi tosonyeza chaka chimene inapangidwa. Timabwereza pa zaka 20 zilizonse, ndipo chaka chopangira si chojambulira, onjezani chimodzi kapena ziwiri. Super 8 iliyonse ndi ya 1965 kapena pambuyo pake. Mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira yokhala ndi dzuwa ikaoneka, ndiye tadutsa 6 Julayi 1964. Mu E13 muli bolodi la mitengo pa sitolo lolembedwa mashiling'i ndi mapeni, ndiye kwacha ya 1971 isanabwere. Ilala sithandiza kwenikweni pa zaka, chifukwa yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndipo tchalitchi, chimene anayamba kumanga mu 1903, chikuoneka chimodzimodzi m'mipukutu yonse. Milambe nayo sisintha. Ana ndiwo wotchi yabwino: mtsikana wa mano ogweluka mu K5 ali ndi mwana kumbuyo mu K14.

Tapeza kuti ya ku England ndi ya pakati pa 1961 ndi 1968, ya ku Kitwe kuyambira cha m'ma 1963 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

14–16 Seputembala: kuonetsa pachilumba

Tinakwera Ilala ku Nkhata Bay ndi laputopu, pulojekita ya LED, nsalu yoyera ya bedi ndi kachipangizo kojambula mawu. Tsiku loyamba tinalakwitsa: tinaonetsa mphindi 134 zonse mosaimitsa kwa anthu odzaza holo. Kunali chisangalalo, nthungululu, ena misozi, koma pa kojambula mawu munangotuluka chiphokoso. Dzina ngakhale limodzi silinamveke.

Masiku awiri otsatira tinasintha. Magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, achikulire, amayi paokha abambo paokha, chifukwa pamodzi amayi ankangovomereza zonena abambo pomwe iwo ndiwo amadziwa bwino kuti uyu ndi mwana wa yani, anakwatiwa kuti. Mpukutu umodzi uonetsedwe kawiri, koyamba osaimitsa, kachiwiri kuimitsa pa nkhope iliyonse. Mmodzi wa ife azitchula mokweza nambala ya mpukutu ndi nthawi, "K8, mphindi 2 masekondi 14", kuti mawu adzagwirizane ndi chithunzi. Laputopu pa tebulo inaposa nsalu yapakhoma, popeza maso a agogo amafuna kuyandikira. Dzina tikulilemba kuti ndi lotsimikizika pokhapokha magulu awiri osiyana alitchula.

Apa mpamene kusiyana kwa makamera awiri aja kunaonekera. Mphunzitsi ankajambula ataima patali: nsanja ziwiri za tchalitchi ku Chipyela, mdipiti wa tsiku la Petro Woyera pa 29 Juni, Ilala itaima pakati pa madzi maboti ake akutuluka odzaza anthu, matumba ndi nkhuku, dzuwa likulowa cha ku Chizumulu. Zithunzi zake nzokongola, zosagwedera, koma anthu ake ndi ang'onoang'ono ndipo ambiri sakudziwika. Kalaliki wa ku Kitwe kamera inkamugwedera m'manja, mitu ina anaidula, koma ankafika pafupi, ndipo anthu akumuyang'ana akumuseka ngati mnzawo. Pa mayina 112 amene tapeza, 90 achokera m'mipukutu yake, yomweyo imene inatsala pang'ono kuwola.

Tinawerenganso zimene zili m'mphindi 134: tchalitchi ndi midipiti 38, Ilala ndi pagombe la Mbamba 21, malipenga ndi chioda 17, mabwato, ukonde wa chilimira ndi nsomba pa thandala 24, makomo ndi nkhope 34. Filimu inali yodula, ndipo pa Kodachrome inkayenera kutumizidwa kunja kukatsukidwa, ndiye munthu sankaiwononga pa tsiku wamba. Likoma wa m'mafilimuwa ndi wa masiku a chikondwerero, dzuwa lili phwee, aliyense atavala za Lamulungu. Achinyamata amene anaonera anatuluka akunena kuti kale kunali bwino. Agogo ena aakazi anawakumbutsa kuti m'zaka zomwezo nkhondo inayamba kutsidya mu 1964, anthu a ku Cobué ndi midzi ina anathawira pachilumba, chinangwa ndi nkhuni nkuchepa. Mu mipukutu yonse 28 zimenezi mulibemo ngakhale sekondi imodzi. Mawu awo tawaika pa fayilo ya E14, pamene kamera ikuonetsa mapiri a kutsidyako ali phee.

Malo ena sanadziwike msanga chifukwa cha madzi. Nyanja inakwera kwambiri mu 2024, ndipo mchenga umene ana akuthamangapo mu K7 tinaupeza uli pansi pa madzi. Tinauzindikira ndi mwala wong'ambika pakati umene mutu wake ukuonekabe.

Tagwirizana ndi eni ake kuti magawo awiri asaikidwe pa Facebook kapena kutumizidwa pa WhatsApp: amayi akusamba kudooko mu E5, amene mwachionekere sankadziwa kuti akujambulidwa, ndi maliro a mu K12. Banja lokha ndilo lalandira.

12 Okutobala: kusunga, ndalama, zotsala

Nyimbo sitinaike. Tinayesa kuika malipenga ojambulidwa mu 2024 pansi pa K9, ng'oma ndi mapazi sizinagwirizane, ndipo amene amadziwa anaona msanga. Mpukutu uliwonse tsopano uli ndi mafayilo atatu: wosakhudza, wokonzedwa liwiro ndi mtundu, ndi wokhala ndi mawu a achikulire. Zonse zili pa ma hard disk awiri a 1 TB, amene tinagula K110,000 iliyonse, ina ku Lilongwe ina ku Likoma, ndipo kope lachitatu lili pa intaneti. Kaundula wa mayina tamusindikizanso pa pepala.

Filimu yeniyeni taichotsa m'tizitini tadzimbiri, tachotsa malabala ndi mapepala onse, taika m'tizitini tapulasitiki. Mabuku amati filimu yodwala viniga isungidwe mufiriji yoziziritsa kwambiri, m'matumba otseka bwino. Kumene magetsi amathimathima zimenezi nzoopsa, chifukwa kusungunuka ndi kuumanso kumabweretsa madontho pa filimu. Tasankha kabati ya chipinda chapakati chosawombedwa dzuwa, pamwamba osati pansi, ndi timatumba ta silica gel toyamwa chinyezi tosinthidwa mwezi ndi mwezi nthawi ya dzinja. Isanu ndi iwiri yobiriwira ija ili m'bokosi lakelake lolowa mpweya, kutali ndi ya ku England.

Ndalama zogulira kunja zakwana $415: makina 260, timapepala toyezera 70, zolumikizira ndi filimu yotsogolera 45, tizitini 40. Za kuno ndi K1,098,000, ndipo zazikulu ndi ulendo wa anthu awiri ku Likoma, K380,000, ma hard disk, ndi K210,000 yotumizira katundu ndi msonkho. Tikanayambanso lero, ulendowo tikanauika koyambirira, titangosikana mipukutu ya K, chifukwa mmodzi wa agogo amene aliyense ankati ndiwo akanadziwa onse a mu K8 anamwalira mu Julayi, ife tili kalikiliki ndi mitundu.

Nkhope 41 zikadali zopanda dzina. Tazisindikiza pa mapepala a A4, zinayi pa tsamba, nambala ya mpukutu ndi nthawi pansi pake, ndipo foda ina yapita ku Chizumulu, ina ikuzungulira kwa anthu a ku Likoma okhala ku Mzuzu ndi ku Blantyre. K2 ndi K3 sitinazitaye. Tiyesa kudula zidutswa zimene zingatambasuke nkuzijambula ndi kamera pa galasi. Timapepala ta A-D tidzaikanso mu Epulo mvula ikatha, kuti tione ngati yobiriwira ija yasuntha.